Utsi wa Mbuya Wanga

Mdzukulu wanga akupuma, ine ndikuimba. Akupuma mpaka pansi pa mimba, mpweya kulowa, mpweya kutuluka, wopanda kulira, ndipo akupumira m'nyumba mwanga muno mu Chelstone, osati kwina. Amene zikumuwawa zimuwawe. Ndikudziwa kuti kuseri kwa mpanda kuli wina amamva ndikamaimba, ndipo mawu ndimakweza dala.

Winayo ndi mbuya wanga. Ine ndine Mngoni wa kum'mawa, iye ndi Mbemba wa kumpoto, ndiye pakati pathu pali chimbuya. Makolo athu analasana ndi mikondo kalekale, atatopa anapangana kuti azilasana ndi pakamwa. Mbuya umamutukwana, iye nakutukwana, nonse n'kuseka. Sakwiya, ndipo saloledwa kukwiya. Akapeza ndiwo pambaula pako akhoza kunyamula ndi poto yemwe, iwe n'kungomutsanzika ndi mwano. Maliro akagwa kwanu, ndi iye amabwera kudzaphika, ndi iye amakupaka ufa kumaso kuti useke misozi ili m'masaya.

Ine ndi mayi ameneyu tatukwanirana pampanda umodzi kuyambira ana athu akali kuyamwa. M'mawa uliwonse ankasuzumira nati, "Shani iwe wakudya mbeba, wagona mu mugodi uti lelo?" Mbeba ndiye mbewa, ndiwo ya kwathu. Ine ndinkamufunsa ngati abale ake anyani atsika mumtengo kapena akali kumudikira awaphike. Tikatero tsiku layamba. Anthu a mumsewu wathu ankati akapanda kutimva ndiye kuti wina wadwala.

Koma mayiyu ali ndi nthenda yake, nthenda ya tsache. Kusanache, psee, psee, psee, bwalo lonse, ngati kukubwera bishopu. Akasesa aunjike, akaunjika athire mudiramu, akathira ayatse. Diramu lake lakuda, lobooka m'nthiti, analiika pakona ya mpanda, mphuno ndi mphuno ndi windo la chipinda changa. Mmenemo munkalowa zonse. Masamba a mango ndi a kotapela, mapulasitiki a buledi, mabotolo, matewera a zidzukulu zake, patapata wakutha, tsiku lina ngakhale chidutswa cha matiresi. Ndipo m'nyengo yozizira utsi sukwera kumwamba ayi. Umakwawa. Umakwera mpanda ngati mbala, umatsika, umafunafuna kamng'alu, n'kudzakhala pabedi pako ngati mlendo amene waitanidwa.

Zaka zonsezo utsiwo ndinkangoutukwana n'kutseka windo. Chifuwa changa ndi chikopa cha ng'ombe, chinapirira fumbi la mu Ogasiti ndi utsi wa minibasi za m'tauni. Zinasintha mwana atabwera.

Mwana wanga wamkazi amagwira ntchito m'sitolo m'tauni, amakhala m'mafulati a ku Kabwata, pamwamba. Amachoka kukali chisisira, amabwera dzuwa litalowa. Kamtsikana kake katafika poyamba sukulu anabwera nako kwa ine, ati kazikhala kuno, sukulu ili pafupi, iye azidzakaona Loweruka. Ine ndinavina pageti osavala nsapato. Nyumba imene inali zii chimwalirire bambo wa ana anga inayamba kulankhula. Kansapato apa, kasupuni apo, agogo ichi n'chiyani, agogo mundiluke. Kamwana koimba ngati ine, kotenga nyimbo kamodzi kokha n'kuisunga.

Kuzizira kutangoyamba, kanayamba kutsokomola. Kutsokomola kouma, kopanda chimfine. Kenako m'chifuwa munayamba kulira, tswii, tswii, ngati munalowa kamwana ka mbalame. Nyimbo ankaidula pakati kuti akoke mpweya. Ndinamutengera ku kiliniki.

Anesi anamumvetsera kumsana, anandifunsa mafunso ambirimbiri, kenako anati ndi mphumu. Anandijambulira ndi chala pachikhatho mmene mpweya umayendera, kuti ukalowa pamphuno umatsika pakholingo, kholingolo n'kugawika pawiri, njira ziwirizo n'kugawikanso, n'kugawikanso, mpaka tinjira tating'ono ngati ulusi, ndipo kumapeto kwake kuli timatumba momwe mpweya umalowera m'magazi. Mwana wa mphumu, anatero, tinjira take timakwiya msanga. Tikakumana ndi utsi, fumbi kapena mphepo yozizira timatupa, timafinyika, timadzaza mamina, mpweya n'kumavutika potuluka. Kulira kuja ndi mpweya ukudzipanikiza pakhomo lopapatiza.

Ine ndinangogwedeza mutu, chifukwa mapapo ndinawagwira ndi manja awa. Ndili mtsikana ndinkagulitsa zam'kati za mbuzi pamsika wa ku Kabwata. Mapapo a mbuzi ndi ofewa ngati thovu la sopo, opepuka, ukawaponya m'madzi amayandama. Tinkasewera nawo, kuuzira pakholingo, iwo n'kufufuma, n'kufiira psuu ngati duwa, ukasiya n'kuphwa okha. Ukawadula umaona tinjira toyera tija, tambirimbiri. Sindinkadziwa kuti tsiku lina ndidzagona ndikuganiza za tinjira timeneto m'chifuwa cha mdzukulu wanga.

Anatipatsa kapampu kopopera mkamwa, ndi botolo lake loti mwana azikokeramo mankhwalawo pang'onopang'ono. Anati mbaula isalowe m'nyumba ngakhale magetsi atapita, mankhwala opopera udzudzu asapoperedwe mwana ali momwemo, pansi ndizikolopa m'malo mosesa mouma, ndipo utsi wa zinyalala, makamaka wa pulasitiki, mwana asaununkhize n'komwe. Anatinso akadzalephera kumaliza mawu, kapena pakhosi ndi m'nthiti pakamalowa mkati popuma, ndisadzadikire, ndidzathamange naye.

Zonse za m'nyumba mwanga ndinachita tsiku lomwelo. Mbaula panja, makatani m'madzi, kapeti yakale kwa ogula zakutha. Chinatsala ndi diramu.

Ndinapita pampanda ndi mtima woyera. Ndinamuuza mbuya wanga kuti mwana wapezeka ndi mphumu, kuti anesi aletsa utsi, kuti diramu lichoke. Anaseka mpaka kugwira mpanda. Ati ana a kum'mawa zifuwa zawo n'zodzaza ubweya wa mbewa, ndimupatse madzi otsitsira. Ndinati sindikuseka. Ati Mngoni sanasekepo chibadwire, mano ake anathera kukukuta michira. M'mawa mwake, utsi tolotolo.

Ndinapitanso. Ndinakalipa, ndinatchula mayi ake, ndinatchula agogo ake ndi mtengo umene anabadwiramo. Amayi a mumsewu anatuluka ndi matsache m'manja kudzamvera, ati lero zakoma, lero Mngoni wadzuka bwino. Wina anaimba nthungululu. Mbuya wanga anandiyankha chimodzichimodzi, nkhope ikuwala ngati wadzola mafuta a Khirisimasi. Ndinabwerera m'nyumba. Mkwiyo wanga wonse unasanduka sewero la anthu. Ndikakweza mawu, ati chimbuya. Ndikalira, ati chimbuya chafika pokoma. Kodi munthu amene mwatukwanana naye zaka zonse mungamutukwane bwanji kuti amve kuti lero n'zoona?

Ndinaganiza zomuonetsa ndi maso. Ndinakwera minibasi mpaka kumsika wa mbuzi, ndinasankha mapapo abwino ali ndi kholingo lake, ndinabwera nawo m'mbale. Ndinamuitana pageti pake. Ndinauzira, anafufuma. Ndinafinya kholingo ndi zala, ndinauziranso, anakana. Ndinati ona, ndi mmene mwana amakhalira ukayatsa diramu lako. Anayang'ana, anayang'anitsitsa, ine mumtima ndinati lero zalowa. Kenako dzanja lake linangoti tsomphu, mbale yapita. Ati mbuya akabweretsa ndiwo sabwerera nazo. Madzulo ndinamva fungo la anyezi ndi tomato. Anakazinga mapapo anga, anadya, mbale n'kundiponyera pampanda yosatsuka.

Loweruka limenelo mwana wanga anabwera. Ananunkhiza pilo wa mwana, ananunkhiza yunifomu, anakhala pansi osavula nsapato. Anati, "Amama, nikapezanso so, nizamutenga. Nizasakila wa nchito azimusunga ku Kabwata." Ndinamuuza kuti wantchito sadziwa kulira kwa chifuwa ichi, kuti ine ndimakumva ndili kuseri kwa nyumba. Anati kumva sikuchiza. Sananame.

Ndinayesa zina. Ndinasamutsira bedi la mwana pabalaza, ndinatseka ming'alu ndi nsanza zonyowa. Ndinathira ndowa ya madzi mudiramu modutsitsa pampanda, mbuya wanga n'kundibwezera ndowa ya madzi otsukira nsomba pazovala zanga zoyanika, uku akuimba. Ndinakadandaula kwa mkulu wa mpingo amene amakhala kumapeto kwa msewu. Anamwetulira, ati nkhani za achimbuya salowererapo munthu, angapse zala.

Tsiku lina kunacha ndi chifunga. Utsi unagona pabwalo langa ngati bulangete, wonunkha mphira. Mwana anatuluka kupita kukasamba, anabwerera atagwira chitseko. Anafuna kunena kuti agogo, anangoti "ago," mpweya n'kutha. Pakhosi pake pankalowa dzenje akamakoka. Ndinamupopera monga anandiphunzitsira, ndinadikira pang'ono, ndinapoperanso. Kambalame kaja sikanasiye. Ndinamubereka ndi chitenje, mwana wamkulu wa sukulu, miyendo ikundimenya m'mawondo, ndinatuluka kukafuna galimoto.

Mbuya wanga anali pageti pake, tsache m'manja, chitambala chili pambali. Amayi ena awiri anali pompo. Atationa anayamba kale kuseka. "Iwe, kambeba kako wakapeleka kuti? Ku malikete kukagulisa?"

Mkamwa mwanga munali mawu otukwana okwana kudzaza diramu lake. Anafika pamilomo, ndinawameza. Sindikudziwa chinandigwira. Ndinapinda bondo mwana ali kumsana, ndinaomba m'manja mofatsa monga amachitira akwawo kwa apongozi, ndinamupatsa moni wa m'mawa wa kwawo, ndinati, "Mwashibukeni, ba mayo. Tipempako njila, tili na odwala."

Kuseka kunaduka ngati wazimitsa wailesi. Chiyambire sindinamutchulepo kuti inu, kapena kuti ba mayo, amayi. Chiyambire sindinamupindirepo bondo. Mumsewu munati zii, ndipo m'kachetechete mmenemo chinamveka ndi chimodzi chokha, tswii, tswii, kumsana kwanga. Amayi awiri aja anayang'ana pansi. Ine ndinadutsa.

Ku kiliniki anamuveka kachigoba kotulutsa nthunzi ya mankhwala pamphuno ndi pakamwa. Ndinakhala pambali ndikugwira kaphazi kake kozizira, ndikuimba chamumtima. Pang'onopang'ono mapewa anatsika, dzenje la pakhosi linadzaza, anagona. Mayi ake anafika ndi yunifomu ya kuntchito, maso ali psuu. Sanakalipe. Tsiku lomwelo anapita naye ku Kabwata, ndi kapampu, ndi botolo lake, ndi kachikwama ka sukulu. Anandisiyira kansapato kamodzi pansi pa mpando.

Nyumba inabwerera zii. Ndinalira tsiku limodzi, lachiwiri ndinamanga chitenje. Ndinali nditaona nkhope ya mbuya wanga pamene ndinamupatsa ulemu, ndipo ndinadziwa kuti mkondo ndaupeza.

M'mawa anasuzumira pampanda, mawu ali ochepa, nafunsa ngati wakudya mbewa wadzuka. Ndinati ndadzuka bwino ba mayo, kaya inu, kaya ana, kaya miyendo ija. Anati ndisiye zimenezo. Ndinati zikomo kwambiri ba mayo, Mulungu akudalitseni. Anatukwana mtundu wanga wonse kuyambira ku Chipata mpaka kumalire. Ndinati mwalankhula bwino ba mayo. Ananditumizira mbale ya chikanda, ndinabweza mbale yotsukatsuka, yowala, ndi mawu othokoza aatali ngati pemphero la maliro. Tikakumana pamsika ndinkamupatukira njira, manja kumbuyo. Ndikamuona akubwera ndi katundu ndinkati pepani ndi ulendo. Ulemu, ulemu, ulemu, m'mawa ulemu, masana ulemu, mpaka mayi anayamba kuonda.

Msewu wonse unadziwa. Mbemba amene Mngoni wake amamupatsa moni wa alendo ndi munthu wotayidwa. Amayi aja amene ankaimba nthungululu anayamba kunong'ona kuti kodi anachita chiyani chachikulu chotere, ndipo amene anamva chifuwa cha mwana tsiku lija anawauza. Koma diramu linali pomwepo. Masiku ena linkagona, masiku ena linkafuka pang'ono, mwamanyazi, ngati munthu wosuta mobisa. Mayiyu ndi wouma mutu. Anabwera pampanda kudzandiuza kuti mayi ake ankatentha, agogo ake ankatentha, palibe anafa, ndipo bwalo lauve ndi manyazi a mkazi. Ati mwana wapita kale, ndiye utsi ukupweteka ndani? Pamenepo magazi anandikwera mpaka m'makutu. Ndinapinda bondo, ndinati ndamva ba mayo, tenthani bwino.

Loweruka ndinkakwera minibasi kupita ku Kabwata. Ndinkakwera masitepe aja ndikupumira panjira. Mwana ndinkamupeza pawindo, kuyang'ana magalimoto, wantchito ali pafoni. Chifuwa chinali bwino, ndisaname. Koma sankaimba. Ankandifunsa kuti agogo ndibwera liti, ine n'kumayang'ana mayi ake, mayi ake n'kumayang'ana khoma. Tsiku lina mayi akewo anandiyankha kuti diramu likadzachoka, osati kuzima chabe, kuchoka.

Kenako kunagwa maliro mumsewu wathu. Anamwalira mdala wina wa kwathu kum'mawa, wokalamba bwino, wa zidzukulutudzi. Maliro a Mngoni ndi phwando la Abemba. Anabwera ndi mapoto awo, ndi phokoso lawo, ndi ufa m'mabeseni. Titabwera kumanda masana, anayamba kutipaka mmodzimmodzi. Amuna a masuti anayera mbuu ngati mizukwa, amayi a mawigi anathawira kuseri kwa tenti, anthu kuseka, ngakhale wamasiye anamwetulira. Amene ankatsogolera ndi mbuya wanga, beseni m'chiuno, chifukwa pa ntchito imeneyi palibe amamuposa.

Anafika pamene ndinakhala. Anatapa ufa dzanja lodzaza. Anthu onse anatembenuka, pakuti zaka zonse pamaliro otere ine ndi iye ndiye tinkagwetsana pansi, ufa mpaka m'makutu. Ndinaimirira bwinobwino, ndinakonza chitenje, ndinapinda bondo pamaso pa anthu onse aja, ndinamupatsa moni wa kwawo wa munthu amene ali pa ntchito, ndinati, "Mwabombeni, ba mayo. Zikomo potithandiza pa malilo."

Dzanja linatsala m'mwamba. Ufa unayamba kudontha pakati pa zala, kugwera pa nsapato zake. Anayang'ana uku, anayang'ana uko, palibe anaseka. Mayi wina wachikulire wa kwawo anamukoka pambali, ndinamva akumufunsa m'chinenero chawo, mawu otsika koma olasa. Mbuya wanga anaika beseni pansi, anatuluka pageti la maliro osatsanzika. Ine ndekha mwa Angoni onse ndinabwerera kunyumba nkhope ili yakuda bii, yoyera ndi mtima wokha.

M'mawa mwake ndinamva chiphokoso, gudubu, gudubu, gudubu. Ndinasuzumira pa kamng'alu ka geti. Mbuya wanga uja, yekha, akugubuduza diramu lake mumsewu, phulusa likutayika m'mbuyo, mpaka pakona pamene amaima ogula zitsulo zakutha. Pobwerera sanayang'ane kwanga. Masana ndinamva khasu kuseri kwa mpanda, akukumba dzenje la masamba. Mapulasitiki tsopano amamanga m'thumba, amaika pageti tsiku lobwera galimoto ya zinyalala, thumba lomangidwa mwaukali ngati lili ndi mlandu.

Ndinaimbira mwana wanga foni. Sanakhulupirire. Anabwera yekha Loweruka, anakwera pa mpando kusuzumira kuseri kwa mpanda, anaona bwalo la dothi lakuda pamene pankakhala diramu. Ananunkhiza makatani anga, ananunkhiza ngakhale tsitsi langa. Anati tiyese, koma utsi ukangobwerera kamodzi, basi. Loweruka linalo anabwera ndi mwana.

Ee, ndinavina. Ndinavina pageti, ndinavina pabwalo, ndinavina ndi kansapato kaja m'manja ngakhale kanali katamuchepera. Mwana analowa m'nyumba ngati sanachokepo, anafunsa kuti chakudya chili kuti. Kapampu kali pamwamba pa kabati, botolo lake pambali, sitikasiya, tikamapita kutchalitchi kamalowa m'chikwama changa pamodzi ndi buku la nyimbo. Mphumu sinathe, anesi anandiuza kuti imagona chabe. Koma pano mwana amatenga vesi lonse ndi mpweya umodzi, ine ndi amene ndimatsalira.

Dzana mbuya wanga anasuzumira pampanda. Wachepa, chitambala chikumukulira. Anayang'ana mwana akudumpha chingwe, anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anatembenukira kwa ine nati, "Iwe, nitukaneko chabe kamozi. Kamozi chabe."

Mwano ndili nawo. Ndinaupeka tsiku limene anakazinga mapapo anga, ndakhala ndikuunola, uli ndi anyani, uli ndi diramu, uli ndi mphuno yake. Ndikautsanulira pampanda paja msewu wonse udzagwa ndi phwete. Ndimauimba chamumtima ndikamakolopa. Koma kuzizira kukubweranso, masamba a kotapela ayamba kugwa, ndipo dzanja la tsache ndimalidziwa, limayabwa likaona machesi. Adikire. Juni adutse, Julaye adutse, mphepo ya Ogasiti iwombe, mwana ali muno akupuma. Pamenepo adzalandira wakudya anyani uja, adzalandira mpaka adzakhuta.

Ndinapinda bondo, ndinati, "Mwaswela bwanji, ba mayo."